Lipoti la nthumwi zathu pa msonkhano wa anamwino a matenda a m'maganizo ku Mzuzu

Apampando ndi anamwino anzathu nonse,

Munatituma kuti tikakuimireni pa msonkhano wa anamwino osamalira odwala matenda a m'maganizo kuno ku Mzuzu, ndiye tabwera kudzatula zomwe tatengako. Zokambirana zinatsamira pa buku la mhGAP, lolangiza azaumoyo za kasamalidwe ka matenda a m'maganizo, la bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, lomwe linatuluka mu 2010 n'kukonzedwanso mu 2016. Nkhani zinalipo zambiri, koma yomwe tikufuna muigwiritse ndi iyi: munthu akabwera atasokonezeka mutu, tiyambe tapima thupi lake tisanalembe kuti ndi misala.

Izi zimavuta chifukwa wodwala wotere amabwera ndi phokoso. Abale amumanga manja ndi chitenje, iye akukuwa, anthu pa mzere abalalika, ndipo aliyense akuyang'ana namwino kuti abaye jakisoni. Apa m'pamene timatayira anthu. Malungo olowa muubongo, matenda oumitsa khosi mwa munthu yemwe chitetezo chake chatsika, shuga wotsika, kuvulala m'mutu pa ngozi ya kabaza, kapena kusiya kachasu mwadzidzidzi, zonsezi zimasokoneza munthu mofanana ndi misala. Kusiyanitsa kwake kuli pa chiyambi cha vutolo. Ngati layamba m'maola kapena m'masiku ochepa, limakula usiku, munthu sakudziwa komwe ali, mwina akuwodzera kenaka n'kudzambatuka, vuto lili m'thupi. Wa misala yeniyeni nthawi zambiri amakhala maso bwinobwino, malo akuwadziwa, koma amamva mawu omwe ena sakuwamva, ndipo abale amanena kuti wakhala akusintha kwa masabata kapena miyezi.

Choncho aliyense apimidwe kutentha kwa thupi, BP, kugunda kwa mtima, shuga, malungo ndi HIV, ndipo tigwire khosi ngati lauma. Tifunsenso tsiku lomwe anamwa mowa komaliza, chifukwa kunjenjemera, thukuta ndi kuona zilombo kumafika pachimake pakati pa maola 48 ndi 72 munthu atasiya mowa. Ameneyu afunika diazepam, mankhwala okhazika thupi pansi, ndi thiamine, yemwe ndi vitamini B1. Chlorpromazine, mankhwala a misala, ndi woopsa kwa munthu wotere: amatsitsa BP, amachititsa kuti munthu akomoke msanga, ndipo amamugoneka tulo tobisa matenda omwe akumudya. Tikamuona ali phee timati wapezako bwino, pamene akunka nafooka.

Thupi likakhala bwino, tikhale pansi ndi wodwala, kenaka ndi womudikirira payekha. Kuno ambiri mavuto a mumtima amawafotokoza bwino mu Chitumbuka, ndiye amene sachimva apeze mnzake wa ntchito womasulira, osati mwana wa wodwalayo. Ambiri amakhala atayamba apita kwa asing'anga kapena ku mapemphero. Tisawanyoze, ingofunsani zomwe anamwetsedwa kumeneko.

Matenda ovutika maganizo ndiwo amatidutsa kwambiri, poti wodwala sanena kuti ndakhumudwa. Amati mutu, mtima ukuthamanga, thupi lonse kuphwanya, tulo palibe, ndipo buku lake la kuchipatala ladzaza ndi panado. Tifunse ngati kwa masabata awiri kapena kuposa wakhala wosasangalala, wosafuna zomwe ankakonda, woganiza kwambiri. Mafunso 9 a PHQ-9, fomu yopimira matendawa, amathandiza pamenepa. Funso la kudzipha lifunsidwe mosazungulira, pakuti kufunsa sikuika maganizowo mwa munthu. Akavomera, asasiyidwe yekha, ndipo abale achotse m'nyumba chingwe, tameki ndi mankhwala ena a mbewu. Tisanapereke amitriptyline kapena fluoxetine, mankhwala a matenda ovutika maganizo, tifunse ngati anakhalapo ndi nyengo yosagona, yolankhula kosalekeza, yomwaza ndalama. Kwa munthu wotere mankhwalawa paokha angadzutse vuto lomwelo. Amitriptyline timayamba ndi 25 mg usiku, ndipo kwa amene akuganiza zodzipha ndi woopsa, chifukwa akamwa wambiri amaononga mtima. Ngati palibe mankhwala ena, aperekedwe wa sabata imodzi ndipo asunge ndi m'bale. Wodwala auzidwe kuti kusintha kumayamba kuoneka pakatha masabata angapo, ndipo akachira apitirize kwa miyezi 9 mpaka 12.

Pa misala, tiyambe ndi mankhwala amodzi pa mlingo wochepa: haloperidol 1.5 mpaka 3 mg pa tsiku, kapena chlorpromazine 25 mpaka 50 mg, n'kumakweza pang'onopang'ono. Jakisoni wa mwezi ndi mwezi, fluphenazine, ayambe ndi woyesera wa 12.5 mg. Ife tikuona kuti ambiri osiya mankhwala amasiya chifukwa sitinawachenjeze. Mnyamata wamwa haloperidol masiku awiri, khosi lapindika, lilime latuluka, maso atembenukira kumwamba. Abale amene sanauzidwe amati walodzedwa, mapiritsi n'kutayidwa kuchimbudzi. Akanauzidwa akanathamanga naye kuno, benzhexol n'kuthetsa vutolo. Koma thupi likauma gwa, likutentha kwambiri, munthu akutuluka thukuta ndiponso wasokonezeka, mankhwala aimitsidwe pomwepo ndipo atumizidwe ku Mzuzu Central Hospital, chifukwa zimenezi zimapha. Wakumwa chlorpromazine azidzuka pang'onopang'ono ndipo azivala chipewa kumunda, khungu limapsa ndi dzuwa.

Mfundo ziwiri zinabwerezedwa. Carbamazepine, mankhwala a khunyu ndi matenda ena a m'maganizo, amafooketsa dolutegravir wa mu ma ARV komanso mapiritsi a kulera ndi njira ya kulera yoika pamkono, ndiye wodwala akakhala pa ma ARV tikambirane ndi a ku chipinda cha ma ARV tisanamuyambitse. Sodium valproate, mankhwala enanso a matenda omwewa, amalemaza mwana m'mimba, choncho tipewe kumupereka kwa amayi ndi atsikana oti angathe kutenga pakati.

Za kumanga odwala zinadzetsa mtsutso, poti ena anati m'zipatala zing'onozing'ono namwino amakhala yekha usiku. Tikuwamvetsa. Komabe choyamba ndi kuchotsa gulu la anthu, kulankhula motsitsa mawu, kumutchula dzina ndi kumupatsa mapiritsi akumwa. Kumugwira kukhale komaliza, kwa nthawi yochepa, asagonekedwe chafufumimba, ndipo kupuma kwake kuziyang'aniridwa.

Pempho lathu kwa inu ndi lakuti chipinda chilichonse cholandirira odwala chikhale ndi makina a shuga ndi zoyezera malungo zosatsekeredwa m'kabati usiku. Tikhalenso ndi kaundula wa odwala a jakisoni wa mwezi, kuti wina akajomba mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake adziwitsidwe sabata yomweyo. Amene sakusintha pa mankhwala, amayi oyembekezera ndi ana tiziwatumiza ku St John of God, chipatala cha matenda a m'maganizo cha ku Mzuzu, ndi kalata yofotokoza zomwe tapima, mankhwala omwe tapereka, mlingo wake ndi nthawi yomwe anamwa komaliza. Tikupempha apampando kuti nkhanizi zilowe pa mndandanda wa zokambirana pa msonkhano wathu ukubwerawu.

Ndife anzanu pa ntchito,
Nthumwi zanu