Osaumira pogula power supply ya kompyuta ya magemu

A Mkonzi,

Zikundimvetsa chisoni kuona achinyamata akuthira ndalama zankhaninkhani pa graphics card (khadi loonetsa zithunzi za magemu), kenako n'kutola power supply (kabokosi kopereka magetsi m'kompyuta) yotchipa yopanda dzina. Kompyuta yotere imangozima yokha gemu ikafika pokoma, mwinanso kupsereza motherboard (bolodi lalikulu lolumikiza zida zonse).

Werengani mawati kaye. Graphics card ya RTX 4060 imadya mawati 115, purosesa (ubongo wa kompyuta) ya Ryzen 5 5600 sifika 80, ndiye power supply ya mawati 550 ikukwana bwino. Koma musakhulupirire nambala yapabokosi. Onani pachizindikiro cham'mbali kuti mzere wa magetsi wa 12V ukupereka pafupifupi mawati onsewo, chifukwa purosesa ndi khadi zimakoka pamenepo. Power supply ikhale ya 80 Plus Bronze kapena Gold, chizindikiro choti siwononga magetsi ambiri.

Chonde musasakanize mawaya ochotseka a ma power supply osiyana. Amalowa ndithu, koma mkati analumikizidwa mosiyana ndipo akhoza kuwotcha SSD (chosungira mafayilo).

Wokonza makompyuta,
Lilongwe