Ndibwezereni ndalama zanga, Cayenne yanuyo khalani nayo

Inu a kampani yobwereketsa magalimoto a ukwati ku Blantyre, foni simuyankha, pa WhatsApp mumangowerenga n'kukhala chete, ndiye ndalemba pano kuti anthu aone.

Mwezi watha, kaya pa 10 kaya pa 12, ndinakutumizirani K480,000 pa foni, dipoziti ya Porsche Cayenne yoyera ija mumaionetsa pa tsamba lanu itamangidwa maliboni pa boneti. Akukwatiwa ndi mwana wa achemwali anga, ine ndi malume ake. Ndinanena momveka kuti mkwatibwi tikamutenga kumudzi kupitirira Malindi, msewu wa ku Makanjira, n'kudzawoloka mlatho wa Bakili Muluzi kubwera pa boma la Mangochi. Mayi amene anandiyankha anati palibe vuto bambo, galimotoyo ndi yaitali.

Lachiwiri kapena Lachitatu sabata yatha ndinalawirira minibasi, pa Liwonde ndinadutsa kukungocha, kuti ndidzasaine mapepala. Ulendo wokha K56,000 kupita ndi kubwera. Mu ofesi mwanumo ndinapeza mnyamata wa shati yothina, akuzunguza makiyi pa chala. Ngakhale mpando sanandilozere. Nditangotchula Makanjira anaphulika kuseka n'kuitana mnzake: "Tamva madalawa, akufuna Cayenne ikadye fumbi ngati Probox yonyamula usipa."

Anzanga, ine ndili ndi zidzukulu.

Kenako sukulu inayamba. Akuti Cayenne ndi ya pa tala basi. Akuti ndipotu si Porsche yeniyeni, yeniyeni ndi 911, zazitalizi anangopangira anthu osadziwa galimoto. N'kundilozera kagalimoto kofiira ka zitseko ziwiri, mimba ikunyambita pansi, ati ndiwonjezere K150,000 nditenge kameneko chifukwa kamatuluka bwino pa zithunzi. Zikomo kwambiri aphunzitsi. Diresi la mkwatibwi ndi velo yake zikalowa pati? Namkungwi akakwera pa denga? Bampala tikanaisiya pa hampu yoyamba tisanafike ndi ku Zomba komwe.

Mumuuze mnyamata wanuyo kuti ena afe imvi zinatimerera tili pansi pa galimoto ndi sipanala. Cayenne inatuluka mu 2002, chimango chake n'chimodzi ndi Volkswagen Touareg, ndipo yoyambayo inali ndi giya ya low range, yokwerera mapiri ndi kutulukira m'matope. Okonda 911 analira kuti dzina laipitsidwa, koma ndi yomweyo inagulidwa ngati mandasi n'kubweretsa ndalama ku kampaniyo. Ferruccio Lamborghini anayamba ndi mathirakitala, kampani yake inapanga galimoto yaitali ya LM002 mu 1986, ndipo yaitali inanso, Urus, imene anaionetsa mu 2017 ndiyo akugulitsa kwambiri. A Ferrari anakana zaka ndi zaka, mu 2022 n'kutulutsa Purosangue ya zitseko zinayi, kungoti amachita manyazi kuitcha SUV, dzina la magalimoto aatali ngati amenewa. Ku Germany ndi ku Italy anazindikira kuti munthu wa ndalama naye ali ndi ana, ali ndi katundu, ali ndi kwawo kumene tala sanafike. Ine ndimati anachita bwino. Ndiye mwana wa pa desiki adziwe kuposa amene anaipanga?

Koma nkhani sinali fumbi ayi. Ndikutuluka, mlonda wa pa geti, munthu yekhayo amene anandipatsa moni pamalopo, anandinong'oneza kuti Cayenne munaipereka kale kwa wina Loweruka lomwelo la ukwati wathu, amene analipira zambiri. Mukanangondiimbira. Ndikanakwiya, koma ndikanakwiyira kwathu, K56,000 ili m'thumba. M'malo mwake munandisiya ndiyende ulendo wonsewo kuti ndidzasekedwe ndi mwana wamsinkhu wa mkwatibwi.

Nditafunsa za ndalama zanga, akuti manejala ali mu miting'i. Tsiku lotsatira ali mu miting'i. Dzulo akuti dipoziti sibwezedwa kasitomala akasintha maganizo. Ndasintha ndine? Inu amene mukuwerenga, tandiuzeni, wasintha ndani pamenepa? Ndalama imeneyi tinasonkherana pa banja, achemwali anagulitsa mbuzi zitatu, ndipo ku komiti ya ukwati akundiyang'ana ngati ndinadya ndine.

Ndikufuna K536,000, dipoziti ndi thiransipoti, pa nambala yomwe ija ndinatumizira. Likadutsa Lachisanu, uthenga wa ndalama ndi macheza onse a pa WhatsApp ndikapereka ku bungwe loteteza ogula la Competition and Fair Trading Commission ndi ku polisi, ndipo dzina lanu, limene ndalibisa lero mwa ulemu, lilowa m'magulu onse a maukwati kuyambira Monkey Bay mpaka Namwera. Musayese kufufuta uthengawu, ndaujambula kale.

Amene ali ndi Prado yoyera kuno ku Mangochi, yosaopa fumbi, andipeze ku inbox. Ukwati ndi Loweruka la mawa.