BP yanga sitsika usiku, amuna anga akuti ndi ulesi chabe

Agogo,

Ndithandizeni, mutu wanga waima. Ndikulemba pakati pausiku, maso ali gwa, mtima ukugunda mwamphamvu.

Ndili ndi matenda a narcolepsy. Tulo timandigwira paliponse, ngakhale ndili mkati molankhula, ndipo ndikaseka kwambiri mawondo amalobodoka mpaka kugwa. Adokotala anati muubongo mwanga munatha timaselo totulutsa orexin, mankhwala achilengedwe a m'thupi amene amathandiza munthu kukhala maso komanso amakhudza kagundidwe ka mtima ndi BP. Zimene zinandichitikira kuntchito yanga yoyamba sindingazilembe pano.

Mwezi watha anandimanga kachipangizo pamkono koyeza BP kwa maola 24. Akuti munthu akagona BP imayenera kutsika ndi 10 mpaka 20 peresenti kuti mtima ndi mitsempha zipume. Yanga sitsika. Tulo tanga ta usiku n'todukaduka, ndimadzidzimuka pafupipafupi, miyendo imagwedezeka yokha, mtima n'kumathamanga. Akamandiyeza masana BP imaoneka bwinobwino, n'chifukwa chake palibe anazindikira.

Usiku umenewo amuna anga ananyamula bulangete kukagona pabalaza, ati kachipangizoko kakuwasokosa. Kamangofufuma mwa apo ndi apo, phokoso lake losafika n'komwe pa mkonono wawo umene ndaupirira zaka zonsezi osadandaula. Zotsatira zitatuluka sanafunse. Nditawaonetsa pepala anangoti, "Munthu wogona ngati iwe, mtima ungatope ndi chiyani?" Mayi anga anamwalira ndi sitiroko, amuna angawo akudziwa bwino lomwe.

Ndimamwa modafinil kuti ndikhale maso kuntchito, koma mankhwalawa nawonso amatha kukweza BP ndi kuthamangitsa mtima. Ndikawasiya ntchito ithera pomwepo. Ndikapitiriza, ndikuopa kuti tsiku lina ana anga adzandidzutsa ine osadzuka. Thupi lanenepanso, adokotala akuti zimayendera limodzi ndi matendawa, koma alamu anga amangondiseka. Kodi ndinachita kusankha? Pakhomo ndimagwira ntchito zonse, palibe tsiku anawa anapita kusukulu ndi zovala zakuda.

Mawu a amuna anga aja sakundichoka m'mutu, agogo.

Ndipemphe adokotala andisinthire mankhwala, kapena ndionjezere a BP pamwamba pake? Amuna angawa ndiwanyengerere bwanji kuti tipitire limodzi kuchipatala akadzimvere okha? Nanga akakamva koma n'kumanditchulabe waulesi, ndikhala nawo bwanji?

Ine mayi wothedwa nzeru