Galimoto zilipo mazanamazana, koma yonditenga ine ndi iti?

A Mkonzi,

Zikomo pondipatsa mpata. Kwathu ndi ku Ntcheu koma ndimakhala ku Leicester, m'dziko la Britain. Chandilembetsa ndi mawu amene mbale wina anandiuza mwezi watha pa chinkhoswe cha mwana wa mnzathu. Ndinangotchula kuti ndatha miyezi iwiri ndikufunafuna galimoto osaipeza, iye n'kuseka, amvekere: "Achimwene, boma likukupatsani galimoto yaulere, inu mukusankhanso? Chopatsidwa amangolandira ndi manja awiri." Anthu anaseka nawo. Ine ndinangoti chete chifukwa pa chinkhoswe si pokanganirana. Koma mawu omwewa ndawamvanso kwa abale akumudzi pa WhatsApp, ndipo eni dziko kuno akuwalankhula m'nyuzipepala zawo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Ndiyambe ndi za ulerezo. Ndondomekoyi imatchedwa Motability, ndipo inakhazikitsidwa mu 1977. Munthu amene ulumali wake umamuvutitsa kwambiri kuyenda amalandira kuboma ndalama ya mayendedwe, yomwe ndi gawo la chithandizo chotchedwa PIP. M'chaka chomwe chinayamba mu Epulo 2025, wa pa mlingo wapamwamba ankalandira £77.05 pa sabata. Ndalamayo ndi yake. Akafuna akhoza kukwerera takisi. Akasankha galimoto, ndalama ija imapita ku kampani yobwereketsa, iye osaigwirako. Pa mlingo umenewo, pa zaka zitatu za mgwirizano imakwana pafupifupi £12,000, ndipo zakazo zikatha galimoto imabwezedwa. Mkati mwake muli inshulansi ya oyendetsa mpaka atatu, kukonzetsa, matayala, ndi anthu odzakukoka ikafera panjira. Mafuta umagula wekha. Ngati galimoto ndi yaikulu kapena yodula, umawonjezera ndalama ya m'thumba mwako poyambirira, imene siibwerera. Ndinenenso, kwa achinyamata amene amaganiza kuti aliyense akangotsika ndege amapatsidwa makiyi: amene chiphaso chake chimamuletsa kulandira ndalama za boma, monga ambiri obwera pa viza ya ntchito kapena ya sukulu, sangalowe nawo.

Ndondomekoyi yandithandiza, ndipo ndikunena poyera. Ndimagwira ntchito ya maakaunti pa kampani ina kunja kwa mzinda, kumene basi imakutsitsa kutali ndi geti. Popanda galimoto bwenzi ndili pakhomo. Ndimakhoma msonkho ngati wina aliyense chifukwa ndimatha kukafika kuntchito.

Tsono mumve za thupi langa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Poliyo anandigwira ndili ndi zaka zinayi, n'kupha mwendo wamanja. Ndimavala chitsulo kuchokera m'ntchafu mpaka kuphazi. Zaka makumi anayi ndayendera ndodo ziwiri, ndipo mapewa anatha, moti masiku ano ulendo woposa kuchoka pakhomo kufika pa golosale ya pakona ndimayenda pa chikuku. Polowa m'galimoto ndimayamba ndakhala pampando chammbali, kulowetsa mwendo wamanzere, kenako kunyamula wamanja ndi manja onse awiri n'kuulowetsa ngati mtolo. Potuluka ndimaimirira pa mwendo umodzi nditagwira chitseko.

Mukatsegula mndandanda wa galimoto pa intaneti, maso amaphethira. Zilipo mazanamazana. Koma ine ndimayamba ndachotsa zonse za giya yapamanja, chifukwa ndimayendetsa ndi phazi lamanzere lokha, ndipo pedulo ya mafuta amandiikira kumanzere. Zotsalazo ndimachotsamo zonse zazifupi, chifukwa mpando ukakhala pansi kwambiri mapewa sangandidzutse. Ndimachotsanso zazitali, zomwe zadzaza msika masiku ano, chifukwa munthu wa mwendo umodzi sangadumphire pampando wofika m'chiuno. Kenako buti. Chikuku changa chikapindidwa sindingachinyamule ndekha, choncho m'buti amamangamo kachipangizo kochikweza, ndipo kameneka kamafuna khomo lalitali ndi denga losapendekeka. Ndili ndi mkazi ndi ana atatu, awiri ndi anyamata otalika kuposa ine, ndiye kugwetsa mipando yakumbuyo kuti chikuku chikwane n'kusiya ana pakhomo. Mndandanda wautali uja ukadutsa m'sefa imeneyi, zimene zimatsala mungaziwerenge pa dzanja limodzi.

Loweruka lina m'bandakucha tinanyamuka ine ndi mayi a kunyumba kupita kogulitsa galimoto kwina, mvula ikuwaza. Ndimayenda ndi tepi yoyezera m'thumba la jekete, ndi kakope kolembamo manambala. Wogulitsa anali mnyamata waulemu, koma mafunso onse ankafunsa akazi anga, ine ndili pomwepo ndi makiyi a galimoto imene tinabwera nayo m'manja. Tinatuluka panja. Mpando unali bwino, ndinalowa n'kutuluka kawiri popanda kubuula, ndipo ndinaona nkhope ya mayi a kunyumba ikumasuka. Tinatsegula buti, iwo n'kukweza chikuku, ine nditatsamira galimoto ina. Chinalowa. Potseka, chitseko chinagunda chogwirira cha chikuku. Tinachitembenuza, tinachigoneka, tinachotsa khushoni, koma chitseko osatsekeka. Ndinayeza: masentimita atatu. Denga la galimotoyo analipendeketsa kumbuyo kuti izioneka yokongola, ndipo kukongolako kunandidyera malo a chikuku. Akazi anga anaima pamvula ndi ambulera osalankhula kanthu, kenako anati, "Bambo a ana, tiyeni, tikaone kwina." Kumeneko kunali kwachisanu ndi chimodzi. M'malo atatu mwa amenewo galimoto yomwe ndinkafuna kuyesa kunalibe n'komwe, ankangondionetsa chithunzi pa kompyuta, ngati kuti mwendo ungayezedwe pa chithunzi.

Galimoto imene ndikubwezayi ndi yamtundu wa banja, ija ya denga lokwera ndi pansi potsika. Mtundu umenewu ukutha pamsika. Kampani ya Ford inasiya kupanga Galaxy ndi S-Max mu 2023, ndipo opanga ena achita chimodzimodzi chifukwa ogula ambiri akufuna galimoto zazitali zooneka ngati za m'tchire, ngakhale sizichoka pa phula. Wobwereketsa sangakupatse chimene fakitale sikupanga. Komanso mitengo ya pa mndandanda imasintha miyezi itatu iliyonse, mu Januwale, Epulo, Julaye ndi Okutobala, ndiye munthu amene akusunga pang'onopang'ono ndalama yowonjezera ija amakhala mtima uli m'mwamba, osadziwa ngati galimoto yomukwana idzakhalapobe akadzakwanitsa.

Palinso za magetsi. Boma la kuno lati pofika 2030 galimoto zatsopano zoyendera petulo kapena dizilo yekha zisadzagulitsidwenso, choncho zambiri zotsika mtengo pa mndandanda ndi zamagetsi. Sindidana nazo. Ndinayesa imodzi, imayenda mwakachetechete ndipo thupi langa inalilandira bwino. Amene ali ndi bwalo loimikapo galimoto pakhomo amamuikira potchajira. Ine ndimakhala m'nyumba zija zolumikizana mzere umodzi, khomo likutsegukira mumsewu, ndipo galimoto imagona paliponse pamene ndapeza malo. Ndiye kuti ndizitchajira kwa aliyense, kumene magetsi ndi odula ndipo msonkho wa VAT ndi 20 peresenti, pomwe wa magetsi a m'nyumba ndi 5. Ndinapita kukaona potchajira pafupi ndi kwathu. Makinawo anawakweza pa kachiunda ka simenti, kutsogolo kuli zitsulo ziwiri zotchinga, ndipo chingwe chake n'cholemera ngati paipi ya madzi. Ndili pa chikuku sindinafikire pomwe amagunditsa khadi. Munthu woyendera ndodo ziwiri, dzanja lachitatu lokokera chingwe alitenga kuti?

Anzanga amene amakwera galimoto ali pa chikuku chomwecho ali pa vuto loposa langa. Banja lina kutchalitchi kwathu lili ndi mtsikana wotero. Galimoto zawo amabwereka zaka zisanu, ndipo amisiri amadula pansi pake n'kupatsitsa kuti mutu usagunde denga. M'galimoto yamagetsi, pansi pamenepo ndi pomwe pagona batire. Bambo ake amandiuza kuti akaganiza za mgwirizano wotsatira tulo timawathawa.

Mu Novembala 2025 nkhaniyi inalowa ndale. Kunalengezedwa kuti BMW, Mercedes-Benz, Audi, Lexus ndi Alfa Romeo zachotsedwa pa mndandanda, ndipo nduna ya zachuma, Rachel Reeves, inanena m'bajeti kuti kuyambira Julaye 2026 ndalama yowonjezera ija iziikidwa VAT, kupatula pa galimoto zosinthidwa kwambiri monga zolowa ndi chikuku. Anthu ambiri anawomba m'manja. Ine BMW sindinaikwerepo ndipo sindikuilira. Chimene chikundiwawa n'chakuti mkangano wonse unali pa dzina lolembedwa pa boneti. Amene ankatenga galimoto zimenezo boma linkawapatsa £77.05 yomweyo, chotsalacho ankalipira okha, ndipo ena mwa iwo anazisankha chifukwa mpando wake kapena buti yake ndi imene inawakwana. Msonkho watsopanowo sugwera okonda ulemerero okha. Ukhoza kugweranso ine, amene ndikuwonjezera ndalama chifukwa chikuku, kachipangizo ndi ana atatu sizikwana m'kagalimoto kakang'ono.

Phungu wina, Lee Anderson wa chipani cha Reform UK, anafika ponena kuti kuli bwino kubwerera ku tigalimoto tabuluu ta matayala atatu timene boma linkapereka kale. Achikulire aulumali a kuno amatikumbukira bwino. Kanali ka munthu mmodzi, kamtundu umodzi kwa aliyense, ndipo sunkaloledwa kunyamula wina, ngakhale mkazi wako kapena mwana wako. Tigalimoto timeneti boma linatichotsa pamsewu mu 2003. Ndondomeko ya masiku ano inabwera kudzathetsa zomwezo, kuti munthu waulumali akwere galimoto wamba pamodzi ndi banja lake, popanda aliyense kumuloza chala pamsewu. Ndikamva munthu wa m'nyumba ya malamulo akulakalaka masiku amenewo, ndimaganiza za ana anga atatu ataima pakhomo, ine ndikupita ndekha kutchalitchi.

Ndikudziwa kuti wina akuwerenga kalatayi ku Ndirande kapena ku Mchesi, iyenso ali pa chikuku, ndipo akuti bambo awa akhuta. Sindingamutsutse. Ndinakulira ku Malawi konko. Ndikukumbukira kondakitala akundinyamula ngati thumba la chimanga kundiponya mu minibasi, ndipo ndikudziwa anzanga amene amalipiritsidwa mpando wachiwiri chifukwa cha chikuku. Mavuto athu salingana kukula. Koma muzu wake ndi umodzi, ndipo ndinauona ndili mnyamata. Anthu ena achifundo anabwera kudera kwathu ndi lole yodzaza zikuku, zonse zofanana, za m'chipatala, za timatayala tating'ono kutsogolo. Anatijambula zithunzi, tinawaimbira nyimbo. Mnzanga wina wochepa thupi anapatsidwa chachikulu moti ankapendekeka m'menemo mpaka anatuluka zilonda m'matako. Pa mchenga wa kwathu timatayala tija tinkangozama. Isanathe miyezi isanu ndi umodzi zambiri zinali zitasanduka mipando ya pakhonde. Palibe amene anatiyeza, ndipo palibe wa ife amene analimba mtima kunena, chifukwa tinaphunzitsidwa zomwe mbale uja anandiuza pa chinkhoswe. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo mu 2008 onena kuti chikuku chiziperekedwa munthu atayezedwa ndiponso poganizira malo amene amakhala. A FEDOMA ndi ena olankhulira anthu aulumali kumudzi apitirize kuumirira pa mfundo imeneyi pamene opereka thandizo abwera.

Kwa opanga malamulo a kuno, pempho langa n'lakuti asanadule mndandanda kapena kuwonjezera msonkho, ayambe awerenga kuti munthu wa chikuku ndi banja la anthu asanu watsala ndi galimoto zingati zimene angakwanitse. Opanga galimoto nawonso azilemba poyera kutalika kwa mpando kuchokera pansi ndi kukula kwa khomo la buti, m'malo mongotiuza malita a katundu amene angalowemo, kuti tisamazungulire mizinda ndi tepi m'thumba. Ndipo kwa abale anga a Chimalawi kuno, mukaona mnzanu waulumali akutsika m'galimoto yatsopano pa maliro kapena pa ukwati, mufunseni kuti analowamo bwanji musanamufunse kuti anaipeza bwanji.

Pano ndatsala ndi ziwiri. Ina ikufuna ndalama yowonjezera yoposa £3,000, yomwe tinkasungira ulendo wokaona amayi ku Ntcheu, amene sanawaonepo adzukulu awo aang'ono. Inayo sindinaikhalemo, ndangomva kuti wogulitsa wina ku Nottingham ali nayo pabwalo. Ndamuimbira foni kumupempha kuti asaigulitse lisanafike Loweruka, ndipo mwana wanga wamkulu wavomera kusiya mpira kuti akandithandize kukweza chikuku.

Wowerenga wanu,
Bambo wa ku Ntcheu,
Leicester