Mukuthamangitsa ana oona nyumba zakale, ozula malata mukuwasiya

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu pa zimene zinandichitikira Loweruka lapitali kuno ku Zomba, chifukwa mtima wanga mpaka lero sunakhale m'malo.

Mdzukulu wanga wamkazi ali Fomu 3. Anabwera ndi anzake awiri kudzandipempha kuti ndiwaperekeze kumtunda, kuja kuli nyumba zakale m'munsi mwa phiri, ati akufuna akaone ndi maso zimene amangomva m'kalasi. Ndinavomera msanga chifukwa ine ndinakulira komweko. Malemu bambo anga anali wophika wa mzungu wina wa boma, ndipo tinkakhala kuboyizikota, kuseri kwa nyumba yaikulu. Ndinati ana awa akaone pamene agogo awo anaphunzirira kuyenda.

Titafika tinapeza udzu wolekeza m'chiuno, zitseko kulibe, mawindo angoti mbee ngati maso a chigaza. Padenga panali amuna atatu akuzula malata dzuwa likuswa mtengo, lole itaima chapafupi, ina mwa mitengo ya denga itakwezedwa kale. Mlonda anali atakhala pansi pa mtengo wa mango, akuonerera mwakachetechete. Koma mdzukulu wanga atangotulutsa foni kuti ajambule khonde, bambo uja anadzambatuka, chibonga m'manja.

"Madala, akuba amenewa mwawatenga kuti? Kuno nkoletsedwa!"

Ndinamufunsa mwaulemu kuti nanga amene ali padengawo ndani. Anati zimenezo ndi za akuluakulu, ine sizikundikhudza. Kenaka anatsitsa mawu nkunena kuti ndikamupatsa kangachepe atilola tizungulire kamodzi. Nditakana, anamukakamiza mwana kufufuta zithunzi ziwiri zimene anali atajambula, iye ataimirira pambali pake kuti aone kuti zafufutikadi. Mwana ankanjenjemera. M'njira pobwerera anandifunsa kuti, "Agogo, kodi talakwa chiyani?" Ndinalibe chomuyankha.

Akonzi, liwu limeneli la akuba ndi limene landilembetsa kalatayi. Mwana wa sukulu, kope lili m'manja, wavala bwinobwino, ali ndi gogo wake wa imvi mbuu, ameneyo ndiye wakuba? Wabanji? Chithunzi chimachotsa njerwa ingati pakhoma? Nanga munthu amene wakwera padenga ndi hamala ndi chozulira misomali, akutsitsa lata limodzilimodzi, ameneyo timutche dzina lanji? Ndaphunzitsa ana zaka zoposa makumi atatu, ndipo sindinalolepo kuti mwana atchulidwe wakuba popanda umboni, ngakhale choko chitasowa m'kalasi. Lero mwana wa mwana wanga watchulidwa wakuba pamaso panga, pabwalo limene ine ndinkasesa ndili wamng'ono. Ngati amuna aja anali ndi chilolezo, chikalata chake chinali kuti? Bwanji sichinamatidwe pachipata kuti wodutsa aliyense awerenge? Ntchito yolungama siopa kamera ya mwana wa Fomu 3.

Nyumba imeneyo ndimaidziwa ngati chikhatho changa, ngakhale ndinkaionera kunja. Makoma ake ndi ochindikala, a njerwa zootcha, moti mwezi wa Okutobala m'kati munkazizira. Khonde linazungulira mbali zitatu. Pali chumuni, chifukwa Juni ndi Julayi wa ku Zomba sasewera, ndipo nkhuni za pamoto umenewo ankawaza ndi bambo anga. Khitchini inali payokha kuseri, kuti utsi ndi fungo la anyezi zisafike kwa bwana, ndipo chakudya chinkayenda pa thireyi kudutsa kanjira kofoleredwa. Matabwa a kudenga ndi a mkungudza wa ku Mulanje, umene chiswe sichiuyandikira, ndipo ukafika pafupi mvula itangogwa fungo lake limakulandira. Mtengo umenewu, umene timautcha mtengo wa fuko lathu, paphiri la Mulanje watsala pang'ono kutheratu. Ndiye kuti matabwa amene anali pa lole aja simungakawagulenso kwina kulikonse. Mwina pofika lero asanduka benchi ya pamalo ogulitsira mowa kapena nkhuni zootchera njerwa.

Ubwana wanga wonse sindinalowepo pakhomo la kumaso la nyumba imeneyo. Ife tinkadzera kuseri, ndipo tikamva galimoto ya bwana tinkathawira kukhitchini. Loweruka lija ndinati tsopano ndilowa pakhomo lija ndi mdzukulu wanga, m'dziko lathu lomwe, patatha zaka zonsezi chilandirireni ufulu mu 1964. Khomolo lilibe ndi chitseko chomwe, koma ndinabwezedwanso.

Ndikudziwa kuti ena powerenga anena kuti ndi nyumba za atsamunda, zigwe basi, tikulirira chiyani. Amene amanena zimenezi andiuze kuti njerwazo anaumba ndani. Ndani anaponda dothi, ndani anasenza matabwa pamutu kuchokera kuphiri, ndani anaswa miyala ya maziko? Ndi makolo athu, ena pofuna kupeza ndalama ya msonkho wa nyumba, ena pothawa thangata wa m'minda ya azungu. Nyumba ya Masongola ya kuno ku Zomba, imene John Buchanan anamanga mu 1886, wotchuka nayo ndi mzunguyo, koma thukuta lili m'makomamo ndi la anthu a kuno amene mayina awo sanalembedwe paliponse. Boyizikota ija ndi umboni wa mmene anthu athu ankakhalira, banja lonse m'kachipinda kamodzi pamene agalu a bwana ankagona pakhonde lalikulu. Mukagwetsa zimenezi, mwana wa mawa mudzamuonetsa chiyani mukamamuuza kuti ufulu sunabwere pa mbale? Adzayesa nthano za kalulu.

Ndipo Zomba si mudzi wamba. Linali likulu la dziko lino kuyambira 1891, nthawi ya Harry Johnston, mpaka 1975. Kuno ndi kumene Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume analowa mu Legislative Council, nyumba ya malamulo ya nthawi ya atsamunda, mu 1956 nkuyamba kufunsa mafunso amene azungu sanazolowere kufunsidwa ndi munthu wakuda. Bwanamkubwa Robert Armitage, amene analengeza State of Emergency, lamulo lakuti dziko lili pa ngozi, pa 3 Malichi 1959, tsiku limene timakumbukira chaka ndi chaka, ankalamulira ali kuno. Mkangano wa nduna wa mu Seputembala 1964, umene unabalalitsa anthu ngati Orton Chirwa, Yatuta Chisiza ndi Rose Chibambo, unakambidwa m'Nyumba ya Malamulo ya konkuno. Anthu amene ankalemba makalata, kutaipa, kunyamula mafaelo ndi kuphika tiyi m'masiku amenewo ankakhala m'nyumba zomwezi ndi m'makota ake. Zonsezi ana amaloweza kuti akhoze mayeso a MSCE, koma akafuna kuona malo ake akumana ndi chibonga.

Chinanso chimene chimandipweteka ndi chakuti mzinda uno unasiyidwa ngati nkhalamba imene ana ake apita kutauni. Likulu linapita ku Lilongwe, Nyumba ya Malamulo inatsalako pang'ono mpaka nayo inasamuka m'zaka za m'ma 1990, ndipo chiyambire pamenepo chilichonse chakale kuno chimaoneka ngati chopanda mwini. Akale anati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Taonani phiri, mitengo yatha ndi makala ndi macheka. Taonani Mulunguzi ndi Likangala mmene madzi ake amafiirira mvula ikagwa. Ngalande za miyala zimene zinkatsitsa madzi bwinobwino kuchokera kumtunda zinadzaza zinyalala ndi mapepala apulasitiki. Aliyense amakumbukira zimene namondwe Freddy anatichita kuno kummwera mu Malichi 2023. Nyumba ya njerwa zakale ikachotsedwa denga, dzinja limodzi lokha ndi lokwanira: madzi amalowa pamwamba pa khoma, dothi la pakati pa njerwa limasungunuka, nkhuyu imamera m'ming'alu, basi khoma lagona. Pamenepo ndiye kumabwera anthu ndi mawilibala kudzatola njerwa, ndipo pakatha chaka mumapeza pali mpanda watsopano ndi chikwangwani chakuti malowa ali ndi mwini. Amene tikukhala kuno taziona zimenezi kangapo, sitikuchita kumva.

Tsiku ndi tsiku pawailesi timamva za kukopa alendo. Alendowo akabwera timawathamangitsira pamwamba pa phiri kukaona Emperor's View ndi Chingwe's Hole, nkuwadutsitsa mwaliwiro pa mbiri yonse ili m'munsi. Pitani ku Blantyre mukaone Mandala House, nyumba ya mu 1882. Ili chiimire, anthu amalowa, amawerenga mabuku ndi kuona zithunzi zakale ku laibulale ya Society of Malawi imene ili momwemo. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene David Clement Scott ndi amisiri a konkuno anamaliza mu 1891, mpaka lero anthu amapempheramo. Njerwa zake sizinachokere kumwamba. Kusiyana kwake nkwakuti kumeneko kuli anthu amene amaona lata likayamba kudontha nkulikonza.

Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinthu zakale, Monuments and Relics Act, ndipo limaletsa kugwetsa kapena kusintha malo otetezedwa popanda chilolezo. Ndikupempha a nduna oona za chikhalidwe, aphungu athu, makhansala ndi mafumu a kuno kuti atiuze poyera: mwa nyumba zakale za kumtunda, ndi zingati zili m'kaundula wa malo otetezedwa? Zotsalazo zikudikira chiyani? Zengerezu adalinda kwawukwawu. Lamulo limene limangogona m'kabati pamene malata akukwera lole silikuteteza kanthu.

Sindikukana kuti nyumba zosiyidwa zili ndi zoopsa zake. Muli njoka, muli mileme, matabwa ena a pansi anaola, ndipo madzulo mumabisala osuta chamba. Mlonda uja akanati, "Agogo, musalowe, denga lingakugwereni, imani apa muone," ndikanamuthokoza nkumugwira chanza. Ndikudziwanso kuti alonda ambiri amalandira ndalama yochepa kwambiri, ndipo amene anaika mlonda uja pamenepo sanamuuze nkomwe kuti akulondera chiyani. Koma umphawi supatsa munthu ufulu wotukwana mwana wa mwini wake.

Zoti zichitike sizofuna ndalama zambiri. Nyumba zonse zakale ziwerengedwe ndipo pa iliyonse paikidwe kachikwangwani konena chaka chake ndi amene ankakhalamo, m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Aliyense wochotsa lata kapena thabwa amate chilolezo chake pachipata. Loweruka limodzi pamwezi ana a sukulu aziloledwa kuyendera malowa ndi wowatsogolera. Ophunzira za mbiri yakale pa yunivesite ali pompano, ndipo ife okalamba amene tinakulira m'makota tilipo ochepa, abwere ndi mafoni awo atijambule mawu tisanapite. Ine ndikhoza kuyenda nawo ulere, bola mawondo alole. Ndipo amene analemba ntchito mlonda uja, ngati akuwerenga, mdzukulu wanga akuyembekeza kupepesedwa, komanso akufuna kukajambulanso zithunzi zake ziwiri zija khondelo lisanagwe.

Mphunzitsi wopuma,
Zomba