Lawani mafuta a azitona musanakhulupirire botolo

A Mkonzi,

Ndikulembera Amalawi anzanga kuno ku Johannesburg, makamaka ophika m'nyumba za mabwana ndi m'malesitilanti. Ambiri amasankha mafuta a azitona poona kubiriwira kwake, kapena poona mbendera ya Italy pabotolo. Zonsezi n'zonamiza. Mtundu sunena kanthu za ubwino, n'chifukwa chake akatswiri amalawira m'matambula a buluu kuti maso asawasocheretse.

Kunyumba yerekezani mabotolo atatu basi, lilime silichedwa kutopa. M'katambula kalikonse thirani supuni yaikulu imodzi, mamililita 15, ndipo wina akusakanizireni timatambulato kuti musadziwe odula ndi ati. Fumbatani katambula, dzanja linalo mutseke pamwamba, kwa mphindi ziwiri. Akatswiri amalawa mafuta atafunda kufika madigiri 28, ndipo ndi chisanu cha mu Juni kuno, mafuta ozizira satulutsa fungo n'komwe. Kenako nunkhizani. Abwino amamveka udzu wongomweta kapena masamba a tomato. Mwani pang'ono, muwayendetse m'kamwa, mukoke mpweya kudzera m'mano, n'kumeza.

Apa ndi pamene anthu amataya mafuta abwino. Akamva kuwawa palilime ndi kutentha kukhosi mpaka kutsokomola, amati aonongeka. Ayi ndithu. Kutenthako kumachokera ku mankhwala achilengedwe otchedwa oleocanthal, omwe amachuluka m'mafuta atsopano a zipatso zothyoledwa zisanapsetse. Oonongeka enieni satentha: amanunkha ngati nsinjiro zokhalitsa ndipo amasiya phula m'kamwa, chifukwa cha kuwala, kutentha ndi mpweya. Fungo lovunda limasonyeza kuti zipatso zinaunjikidwa masiku angapo zisanagayidwe. Musanalawe ena, idyani kachidutswa ka apozi ndi kumwa madzi. Buledi musagwiritse, amabisa zolakwika, ndipo khofi ndi fodya zidikire kaye.

Zolembedwa pabotolo nazo muziwerenge. Malinga ndi International Olive Council ya ku Madrid, bungwe loona za azitona padziko lonse, mafuta apamwamba otchedwa extra virgin asapitirire 0.8 peresenti ya asidi ndipo asakhale ndi fungo loipa lililonse. Olembedwa pure kapena light ndi oyengedwa kufakitale n'kuthiridwa abwino pang'ono, pomwe pomace amachotsedwa ndi mankhwala m'zotsalira za azitona ofinyidwa kale. Amenewa ndi abwinobwino pokazingira, koma musawalipire mtengo wa extra virgin. Zija amati ikani mufiriji, akaundana ndiye enieni, zisiyeni, n'zosadalirika.

Pa mabotolo atatu aja, limodzi likhale la konkuno. Azitona ambiri a kuno ku South Africa amalimidwa ku Western Cape ndipo amakololedwa kuyambira cha mu Malichi mpaka Julayi, choncho kuyambira Ogasiti mumapeza mafuta a chaka chomwecho, pomwe a ku Spain ndi Italy anapangidwa kumapeto kwa chaka chatha n'kuyenda panyanja. Yang'anani chizindikiro cha SA Olive, bungwe la alimi a azitona kuno, ndi chaka chokolola, osati tsiku lothera lokha. Mtundu wa azitona wa Coratina ndi waukali, woyenera nyemba ndi nyama yowotcha. Leccino ndi wofatsa, wa nsomba ndi saladi.

Amene apambana, agulani m'botolo lakuda kapena m'chitini, laling'ono loti lithe m'miyezi iwiri kapena itatu mukatsegula. Lisungeni m'kabati, kutali ndi sitovu ndi windo.

Wophika,
Rosettenville, Johannesburg