Musadalire Google Drive yokha posunga zikalata

Akonzi,

Ambiri amasunga masetifiketi ndi makontirakiti pa Google Drive, malo osungirapo zinthu pa intaneti, poganiza kuti sangasowe. Komatu malo aulere ndi 15 GB basi, ndipo Gmail, Drive ndi Google Photos zimagawana omwewo. Akadzaza, maimelo atsopano amabwerera kwa owatumiza, mwiniwake n'kumadabwa kuti bwanji kuli zii. Kuyambira Disembala 2023, Google ikhozanso kufufuta akaunti imene yatha zaka 2 osatsegulidwa.

Choopsa kwambiri ndi nambala ya foni. Ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani ya foni imaipereka kwa wina, ndiye khodi yolowera mu akaunti, imene Google imatumiza pa nambalayo, imakafikira mlendo. Sindikizani makhodi 10 apadera amene Google imapereka olowera mu akaunti popanda foni, muwatsekere m'kabati. Zikalata zofunika muzizitsitsa kudzera pa Google Takeout, njira ya Google yotsitsira zimene munasunga mu akaunti, n'kuziika pa fulashi miyezi itatu iliyonse.

Wowerenga wanu,
Zomba